Apache ikukana kulumikizana ndi Tomcat, ikungotulutsa 503

Chitakale_Seva:
Moni akuluakulu. Ndithandizeni nzeru. Ku ofesi ya kalabu ya alimi a tiyi ang'onoang'ono kuno ku Mulanje taika pulogalamu ya Java yolembera makilo a masamba amene mlimi aliyense wabweretsa pa sikelo. Ndi fayilo ya WAR, dzina lake masamba.war, ili pa Tomcat 9, seva yoyendetsa mapulogalamu a Java. Seva ndi Ubuntu 22.04, RAM yake 4 GB. Ndikalemba adilesi ya seva n'kuonjezera :8080/masamba, tsamba likutseguka bwinobwino. Koma akalaliki a m'mashedi sangamalembe 8080 pa foni tsiku ndi tsiku, komanso tikufuna https. Ndiye ndaika Apache kutsogolo kuti izilandira alendo n'kumawadutsitsa ku Tomcat, ndayatsa proxy ndi proxy_ajp, mu VirtualHost ndalemba mzere uwu:

ProxyPass /masamba ajp://127.0.0.1:8009/masamba

Chikutuluka ndi 503 Service Unavailable basi. Ndazimitsa n'kuyatsanso zonse ziwiri kangapo, palibe chasintha. Ndalakwitsa pati?

Thuchila_root:
Achimwene, musasinthe kanthu kaye. Tionetseni zimene sudo ss -ltnp | grep java ikutulutsa, ndi mizere yomalizira ya /var/log/apache2/error.log.

Chitakale_Seva:
ss ikuonetsa 8080 yokha. Mu log muli Connection refused, kenaka AH00957: AJP: attempt to connect to 127.0.0.1:8009 failed.

Thuchila_root:
Ndiye Apache yanu ilibe mlandu. Ikugogoda pa 8009 koma kuseri kwa chitseko kulibe munthu. Mu February 2020 kunapezeka chiboo chachikulu mu AJP ya Tomcat (njira imene Apache imalankhulira ndi Tomcat pa 8009), chimene anachitcha Ghostcat, nambala yake CVE-2020-1938. Munthu aliyense wofika pa 8009 ankatha kuwerenga mafayilo a mkati mwa pulogalamu, ngakhale a mu WEB-INF mmene anthu amasungamo mawu achinsinsi a database. Kuyambira Tomcat 9.0.31, 8.5.51 ndi 7.0.100 anasintha zinthu zitatu: Connector ya AJP imabwera yozimitsa mu server.xml, ukaiyatsa imamvetsera pa makina omwewo pokha, ndipo imafuna mawu achinsinsi. Malangizo ambiri amene ali pa intaneti analembedwa izi zisanachitike, n'chifukwa chake amangoti lembani ProxyPass, mwamaliza.

Tsegulani /etc/tomcat9/server.xml, funani pamene palembedwa AJP/1.3. Mupeza kuti yatsekeredwa mu comment. Itulutseni, ikhale chonchi:

<Connector protocol="AJP/1.3" address="127.0.0.1" port="8009" redirectPort="8443" secret="mawu_anu" />

Ku Apache onjezerani mawu omwewo kumapeto kwa mzere:

ProxyPass /masamba ajp://127.0.0.1:8009/masamba secret=mawu_anu

Kulemba secret pa ProxyPass kunayamba ndi Apache 2.4.42. Ya pa Ubuntu 22.04 ndi 2.4.52, ndiye palibe vuto. Mukatero sudo systemctl restart tomcat9, sudo apache2ctl configtest, ikayankha Syntax OK ndiye sudo systemctl reload apache2. Mukaiyatsa Connector popanda secret siidzuka n'komwe, mu log ya Tomcat mudzaona ikudandaula za secretRequired.

Mai_Bvumbwe:
Ndionjezereko kamodzi kamene kamagwetsa anthu ambiri pomwepa. Chitsanzo chimene chili kale mu server.xml chimalemba address="::1", osati 127.0.0.1. Mukangochotsa comment osasintha pamenepo, Tomcat idzamvetsera pa IPv6, Apache n'kumaifuna pa IPv4, ndipo 503 yomweyo idzabweranso ngakhale ss ikuonetsa kuti 8009 ilipo. Yang'anitsitsani adilesi imene ili kumanzere kwa 8009 mu ss. Mbali zonse ziwiri zilembe chimodzimodzi. Ndipo musalembe localhost, chifukwa dzina limenelo likhoza kupita ku ::1 kapena ku 127.0.0.1 malingana ndi zimene zili mu /etc/hosts.

Luchenza_nginx:
Koma n'chifukwa chiyani tikuvutikira AJP? 8080 ikugwira kale ntchito. sudo a2enmod proxy_http, kenaka

ProxyPreserveHost On
ProxyPass /masamba http://127.0.0.1:8080/masamba
ProxyPassReverse /masamba http://127.0.0.1:8080/masamba

Nkhani yatha, palibe za secret. Ndipo ikavuta umaiyesa ndi curl pomwepo, pamene AJP sungaiyese ndi curl. Mawa akafuna WebSocket kuti makilo azioneka pa sikirini ya ku ofesi nthawi yomwe akulembedwa ku shedi, AJP siinyamula zimenezo.

Mkulu_wa_Muloza:
A Luchenza, nkhani siinathe ayi. Mizere itatu imeneyo ndi theka la ntchito, ndipo theka lotsalalo ndi limene lili loopsa.

Mukadutsitsa pa HTTP, Tomcat imaona ngati aliyense akuchokera pa 127.0.0.1, chifukwa amene akulankhula nayo ndi Apache. Tsono taganizirani za manager wa Tomcat, tsamba loyang'anirira mapulogalamu amene ali pa Tomcat. Chimene chimamuteteza poyamba ndi RemoteAddrValve ya mu context.xml yake, imene imalola okhawo ochokera pa makina omwewo. Munthu akalemba ProxyPass / http://127.0.0.1:8080/ kuti adutsitse zonse, dziko lonse limasanduka 127.0.0.1 ndipo mpanda uja wagwa, patsala password yokha. Wolowa mu manager amatha kukweza WAR yakeyake pa seva yanu. Chachiwiri, Tomcat siidziwa kuti mlendo anabwera pa https. Pulogalamu ikamubweza pambuyo pa login imamutumiza ku http, cookie yokhala ndi Secure n'kusowa, munthu n'kumangozungulira pa tsamba lolowera.

AJP imanyamula yokha IP ya mlendo, dzina la seva limene analemba, komanso ngati anabwera pa https. N'chifukwa chake pa AJP nthawi zambiri sipafunikanso ProxyPassReverse.

Luchenza_nginx:
Zoona akulu, koma mankhwala ake ndi mizere iwiri. Ku Apache yatsani headers n'kulemba mu VirtualHost ya 443:

RequestHeader set X-Forwarded-Proto "https"

X-Forwarded-For imapita yokha ndi mod_proxy. Ku Tomcat, mkati mwa Host mu server.xml:

<Valve className="org.apache.catalina.valves.RemoteIpValve" remoteIpHeader="X-Forwarded-For" protocolHeader="X-Forwarded-Proto" />

Kuti IP yeniyeni izionekanso mu access log ya Tomcat, ikani requestAttributesEnabled="true" pa AccessLogValve. Ngati ndi Spring Boot yoyenda yokha ngati jar, ndi server.forward-headers-strategy=native. Ndipo manager asaikidwe n'komwe pa seva imene anthu akugwiritsa ntchito. Pa Ubuntu amabwera padera mu tomcat9-admin, osamuika basi.

Mkulu_wa_Muloza:
Ndiye mwavomera kuti sinali mizere itatu.

Luchenza_nginx:
Ndavomera. Koma sindisintha maganizo, pa ntchito yatsopano HTTP ndiyo yosavuta kusamalira.

Thuchila_root:
Njira zonse ziwiri zimagwira bola Apache ndi Tomcat zili pa makina amodzi. Chimene ndingakane ndi AJP yodutsa pa netiweki kuchoka makina ena kupita ena, chifukwa siibisa kanthu, ndi secret yomwe imayenda poyera. Achimwene a ku Chitakale anayamba kale ndi AJP, amalize imeneyo.

Nansadi_dev:
Palibe amene watchula mod_jk, chida china cholumikizira Apache ndi Tomcat pa AJP? Ife tinaphunzira imeneyo.

Mkulu_wa_Muloza:
Ikadalipo. sudo apt install libapache2-mod-jk, kenaka mu workers.properties:

worker.list=tiyi
worker.tiyi.type=ajp13
worker.tiyi.host=127.0.0.1
worker.tiyi.port=8009
worker.tiyi.secret=mawu_anu

ndi JkMount /masamba tiyi komanso JkMount /masamba/* tiyi. Polakwika anthu ndi apa: JkMount yolembedwa kunja siilowa yokha mu VirtualHost. Muilembe mkati mwa VirtualHost iliyonse, ya 80 ndi ya 443, apo ayi muike JkMountCopy On. Mukaiwala, Apache imafuna fayiloyo pa disiki yake n'kuyankha 404, inu n'kumaganiza kuti WAR sinakwere. Ubwino wa mod_jk umaoneka ma Tomcat akakhala angapo, ili ndi tsamba lake loonera amene wafa ndi amene ali moyo. Pa Tomcat imodzi mod_proxy_ajp ikukwanira, imabwera ndi Apache yomwe, suchita kuika china.

Chitakale_Seva:
Zikomo nonse. Ndachita monga ananenera a Thuchila ndi Mai a ku Bvumbwe. Poyamba Tomcat inakana kudzuka, ngakhale 8080 inasowa. Nditasintha mawu achinsinsi yadzuka, 503 yachoka, koma tsopano ikutuluka 403.

Mai_Bvumbwe:
Mawu oyamba aja munali chizindikiro cha & kapena <? server.xml ndi XML, zizindikiro zimenezo zimaononga fayilo yonse ndipo Tomcat siiwerenga. 403 nayo ikutanthauza kuti tsopano ziwirizi zikumvana, koma secret ya ku Apache siikufanana ndi ya ku Tomcat. Mwina mwasintha mbali imodzi yokha, kapena simunapange reload. Kuti musavutike lembani openssl rand -hex 24, ikupatsani zilembo ndi manambala 48 opanda chizindikiro chachilendo. Kopani, ikani mbali zonse ziwiri.

Chitakale_Seva:
Munali & ndithu. Ndipo ku Apache ndinasiya akale. Pano tsamba latseguka popanda 8080.

Thuchila_root:
Tsekani 8080 tsopano, musadikire mawa. Pa Connector ya HTTP ikani address="127.0.0.1" kuti muziigwiritsa ntchito poyesera muli pa seva pokha. Kenaka sudo ufw allow OpenSSH choyamba, sudo ufw allow "Apache Full", pomaliza sudo ufw enable. Mukayamba ndi enable musanalole SSH, mukhoza kudzitsekera kunja. Onaninso kuti palibe pamene palembedwa ProxyRequests On. Imeneyo ndi ya ntchito ina, imasandutsa seva yanu njira yoti anthu osawadziwa azidutsirapo popita kwina pa intaneti, bandulo n'kumathera iwo.

Likhubula_8080:
Funso lapambali. Seva imeneyi ili mu ofesi momwemo? Nanga magetsi akazima?

Chitakale_Seva:
Ili mu ofesi, pa UPS yaing'ono.

Likhubula_8080:
UPS yaing'ono ntchito yake ndi kupatsa seva mpata woti izime mwaulemu, osati kuiyendetsa maola. Ilumikizeni pa USB, ikani nut kapena apcupsd malingana ndi mtundu wake, kuti batire ikatsika seva idzizimitse yokha database isanaonongeke. Mu BIOS funani pamene pamanena zochita magetsi akabwera, muike kuti iziyaka yokha. Ndipo rauta ikhalenso pa UPS yomweyo, seva yoyaka popanda netiweki siithandiza kalaliki ali ku shedi.

Mai_Bvumbwe:
Nyengo ya mvula mphenzi kuno kumunsi kwa phiri si nkhani yocheza. Imalowera pa waya wa netiweki wochoka nyumba ina kupita ina, osati pa soketi pokha. Komanso chiperoni chikagwa masiku angapo makoma amachita thukuta. Makina asakhale pansi pa simenti kapena kutsamira khoma, akwezeni pa shelefu pamene mpweya ukudutsa.

Nansadi_dev:
Inverter ndi batire ya lithium zimaposa UPS. Kakompyuta kakang'ono kamadya magetsi ochepa kwambiri poyerekeza ndi seva zazikulu zakale zija, ndiye batire imodzi imakafikitsa madzulo.

Likhubula_8080:
Bola inverter yake ikhale ya pure sine ndipo izisintha msanga magetsi akazima, apo ayi kompyuta imazima pa kusinthako.

Thuchila_root:
Nkhani ya magetsiyi ikukhudzanso funso loyamba lija. Makina akayaka, Apache imadzuka msanga, Tomcat imatenga nthawi kukweza WAR. Munthu akagogoda pa mpata umenewo, Apache imalephera kufika ku Tomcat, n'kuilemba kuti yafa, ndipo siiyesanso mpaka patapita masekondi 60. Mu log mumaona AH00959 ikunena za disabling worker. Ndiye anthu amaona 503 pamene Tomcat yadzuka kale. Onjezerani retry=5 pa mzere wa ProxyPass. Onaninso systemctl is-enabled tomcat9 apache2 kuti zonse ziyankhe enabled, ndi database yomwe. Ngati pulogalamu imafa ikapeza database isanadzuke, sudo systemctl edit tomcat9 n'kuika After=postgresql.service pansi pa Unit, kapena dzina la database imene muli nayo.

Za RAM: mukapanda kuiuza, Java imadzitengera heap, malo ake ogwirira ntchito mu RAM, yofika gawo limodzi mwa magawo anayi a RAM, pa inu ndi 1 GB. Pa 4 GB yokhala ndi database pomwepo imeneyo ndi yabwino poyambira. Mukafuna kusintha ndi mu /etc/default/tomcat9, pa JAVA_OPTS, mwachitsanzo -Xmx1024m. Musaipatse 3 GB poganiza kuti ithamanga. RAM ikatha Linux imapha pulogalamu imene ikudya kwambiri, ndipo imeneyo ndi Java. 503 ikamabwera masana popanda chifukwa chooneka, sudo dmesg | grep -i killed ikuuzani.

Chitakale_Seva:
Ndalemba zonse. Tsopano https. certbot, pulogalamu yotengera satifiketi ya https ku Let's Encrypt, ikukana, ikuti siikufika pa dzina lathu. Dzina tinagula, DNS ndinaloza ku IP imene ndinaona pa intaneti.

Luchenza_nginx:
Intaneti ya ku ofesi ndi rauta ya simu khadi?

Chitakale_Seva:
Eya.

Luchenza_nginx:
Lowani mu rauta muone IP ya WAN. Ikakhala yoyamba ndi 10, kapena ili pakati pa 100.64 ndi 100.127, ndipo ikusiyana ndi imene munaona pa intaneti ija, ndiye kuti IP imeneyo mukugawana ndi anthu ena ambiri. Zimenezi amati CGNAT. Port forwarding ya pa rauta yanu siithandiza chifukwa chitseko chenicheni sichili kwa inu. Let's Encrypt imafuna kufika pa port 80 ya dzina lanu kuti itsimikize kuti ndi lanu, ndiye ikulephera. Koma vuto lalikulu si satifiketi. Akalaliki ali ku shedi ndi bandulo ya pa foni safikanso pa seva imeneyo. Inu mukuiona chifukwa muli pa wifi ya mu ofesi.

Njira zilipo. Mukhoza kupempha IP yanuyanu kwa amene amakugulitsani intaneti. Mukhoza kusamutsira zonse pa VPS, seva yobwereka ya pa intaneti, nkhani ya magetsi n'kutheratu. Kapena, ngati komiti ikufuna kuti zolemba za alimi zikhale mu ofesi, tengani VPS yaing'ono, muike WireGuard, njira yobisika yolumikiza makina awiri, pakati pa iyo ndi seva ya ku ofesi. Ya ku ofesi ndiyo imaimba kupita kunja, ndiye CGNAT siitchinga. Ikani PersistentKeepalive = 25 mbali ya ku ofesi kuti njira isatsekeke pakakhala bata. DNS iloze ku VPS, satifiketi ikhale komweko, Apache kapena Nginx ya pa VPS izidutsitsa alendo mu WireGuard.

Ikakhala Nginx dziwani ziwiri izi. Payokha imakana chilichonse choposa 1 MB, imayankha 413, ndiye chithunzi cha pa foni sichidutsa mpaka mukweze client_max_body_size. Ndipo imadikira yankho masekondi 60, lipoti la pamwezi likachedwa mudzaona 504, pamenepo ndi proxy_read_timeout. AJP mu Nginx mulibe.

Mkulu_wa_Muloza:
Apa ndigwirizana ndi a Luchenza. Ndingowonjeza kuti pakakhala zodutsa ziwiri, VPS kenaka Apache ya ku ofesi, IP imene AJP idzapereke ku Tomcat ndi ya WireGuard, osati ya mlendo. Yatsani remoteip pa Apache ya ku ofesi, RemoteIPHeader X-Forwarded-For, ndi RemoteIPInternalProxy yoloza adilesi ya VPS ya mkati mwa WireGuard. Nayo https ikathera pa VPS, ya ku ofesi siidziwa, ndiye X-Forwarded-Proto ndi Valve ija zikufunikabe. Apo ayi chotsani Apache ya ku ofesi, Tomcat imvetsere pa adilesi ya WireGuard, pakhale chodutsa chimodzi.

Nansadi_dev:
Poti mukupita pa VPS, chenjerani posankha Ubuntu. Ya 24.04 ndi Debian 12 zimabwera ndi tomcat10, osati 9. Tomcat 10 inasintha maina kuchoka ku javax.servlet kupita ku jakarta.servlet. WAR yolembedwera 9 mukaiponya mu webapps ya 10, nthawi zambiri mumangoona 404 kapena ClassNotFoundException mu log, ndipo anthu amayamba kukumba Apache pamene vuto silili kumeneko. Funsani amene analemba pulogalamuyo kuti ndi ya javax kapena jakarta. Tomcat 10.1 imafunanso Java 11 kupita m'tsogolo. Amene angasankhe Rocky kapena AlmaLinux, kumeneko kuli SELinux: log ikanena Permission denied m'malo mwa Connection refused, ndi sudo setsebool -P httpd_can_network_connect 1. Musazimitse SELinux yonse chifukwa cha mzere umodzi.

Mai_Bvumbwe:
Ndipo VPS zambiri zimabwera pa UTC. Ife tili patsogolo ndi maola awiri, ndiye masamba olembedwa 7 koloko m'mawa adzaoneka ngati a 5 koloko. sudo timedatectl set-timezone Africa/Blantyre, kenaka yambitsaninso Tomcat chifukwa Java imawerenga nthawi ya dera podzuka.

Chitakale_Seva:
Ndaona mu rauta, WAN ili pakati pa 100.64 ndi 100.127, ndiye ndi zomwe mwanenazo. Za VPS ndikazitula ku komiti. Pakadali pano tikuyesera pa wifi ya mu ofesi. Chatsala chimodzi: kalaliki akajambula lisiti la pa sikelo n'kulikweza, pulogalamu ikuti yalephera kusunga. Mu log muli Read-only file system pa /srv/malisiti. Chikwatu chimenecho mwini wake ndi tomcat, ndapanga chown, ndayesanso chmod 777.

Thuchila_root:
Bwezani 777 imeneyo, ikani 750. Vuto si chilolezo cha chikwatu. tomcat9 ya Ubuntu ndi Debian imayenda mu mpanda wa systemd, ProtectSystem=strict, ndipo imaloledwa kulemba m'malo ochepa okha monga webapps ndi ma log ake. Kwina konse imaona ngati disiki ndi yowerenga chabe. Lembani sudo systemctl edit tomcat9, muikemo:

[Service]
ReadWritePaths=/srv/malisiti/

Sungani, kenaka sudo systemctl restart tomcat9. Musasinthe fayilo ya service imene inabwera ndi apt, idzafufutidwa pa update. Ndipo mwachita bwino kusunga malisiti kunja kwa webapps, chifukwa mukakweza WAR yatsopano Tomcat imachotsa chikwatu chakale cha pulogalamu ndi zonse zili m'menemo.

Luchenza_nginx:
Ngati ndi Spring, ikatha imeneyo mukumana ndi malire a 1 MB pa fayilo imodzi. spring.servlet.multipart.max-file-size ndi max-request-size, kwezani zonse ziwiri. Koma ndi bwino pulogalamu izichepetsa chithunzi pa foni pomwepo isanachitumize, netiweki ya m'minda ya tiyi kuseri kwa mapiri siinyamula zithunzi zazikulu.

Chitakale_Seva:
Lisiti loyamba lasungika, ndaliona mu /srv/malisiti. Lachiwiri linali la 3 MB, lakanidwa monga mwanenera a Luchenza. Ndaika 5MB pa fayilo ndi 10MB pa request, ladutsa.

Mai_Bvumbwe:
Chikwatu cha malisiti chilowe pa backup pamodzi ndi database, server.xml ndi /etc/apache2/sites-available. Kope lina lizikhala kunja kwa ofesi.